Katswiri wokoka mwala

Pafomu padali funso lakuti: "Muli ndi luso lanji la manja?" Ndidalemba kuti ndidakulira m'banja la oluka. Si bodza kwenikweni. Agogo anga aamuna ankaluka malichero ndi mphasa kwathu ku Dedza, ine ndili pambali ndikutafuna nzimbe.

Bungwe lina lotumiza anthu ongodzipereka kunja lidandikhulupirira. Miyezi itatu ku Ghana, kukathandiza oluka nsalu ya kente pamudzi wa Bonwire, kufupi ndi Kumasi. Malipiro palibe, koma chakudya ndi pogona. Mayi a kunyumba atamva adaleka kupeta mpunga n'kundiyang'ana. "Inuyo bambo a Chikondi? Amene batani likathothoka mumadikira ine ndibwere kumsika?" Ndidawauza kuti a kubungweko aona patsiku limodzi chimene iwo alephera kuona pazaka 15 za banja.

Ndidapita ndi mtima wa Kamuzu. Paja Ngwazi idakhalako ku Kumasi ikugwira ntchito ya udokotala kuyambira 1953, isanabwerere kuno mu 1958. Ndidati Mmalawi woyamba adawachiza matupi, wachiwirine ndikawatukulira malonda. Koma tsiku loyamba lomwelo ndikadafuna dokotala ineyo. Kumeneko galimoto zimayenda kumanja, ine ndidayang'ana mbali yozolowera kwathu, minibasi yomwe amati trotro n'kundipukuta fumbi la pathalauza. Zimene kondakitala adanena m'Chitwi sindidazimve, koma makondakitala onse padziko adaphunzira sukulu imodzi.

Pamudzipo adandilandira ndi "akwaaba", kenako n'kufunsa tsiku lomwe ndidabadwa. Ndidatchula deti. Ayi, ati, tsiku la pasabata, poti Aashanti dzina amatengera pamenepo: wa Lachisanu ndi Kofi, wa Loweruka ndi Kwame. Ndidaimbira mayi anga kumudzi. "Unabadwa tsiku lomwe mbuzi ya amalume ako inalowa m'nkhokwe," adatero, n'kupempha kuti ndiwatumizire ya feteleza. Popeza ndidafika Lachitatu, akuluakulu adagamula kuti ndine Kwaku. Ndidanyadira, mpaka nditamva kuti Kwaku ndi dzinanso la Ananse, kangaude wa m'nthano zawo, kalulu wawo wa kumeneko, tambwali wodziwika ndi kudya za eni.

Za chakudya ndingodutsa. Fufu amasinja chinangwa ndi nthochi zophika mumtondo mpaka kunanda ngati ulimbo, ndipo satafuna, amangomeza. Ine ndidatafuna mbamu imodzi mpaka ana adaitana anzawo kudzaonerera. Tsabola wake, kambuzi wathu ndi mwana wakhanda. Banku ndi nsima yomwe yagona masiku angapo ikuganizira za moyo wake.

Tsopano ntchito. Woluka kente amakhala mkati mwa kachisakasa ka mitengo, tizingwe tiwiri atatikola pakati pa zala zakumapazi. Phazi lina likatsika ulusi umayasama, dzanja n'kuponya kamtengo konga bwato kamene kanyamula ulusi wopingasa, dzanja linalo n'kuwakha, kenako n'kugogoda ndi chipeso kuti ulusi uthinane. Phazi, dzanja, chipeso, phazi, dzanja, chipeso, mpaka kumveka ngati ng'oma ya chimtali. Uku munthuyo akukangana ndi mnzake za mpira, osayang'ana n'komwe. Chimene chimatuluka ndi kamzere kopapatiza ngati chikhatho, masentimita 10 kapena kuposerako pang'ono. Nsalu imodzi ya bambo imafuna mizere yoposa 20 yosokedwa pamodzi, ndipo mawanga a mzere uno ayenera kukumana ndendende ndi a mzere winawo. Amati luso limeneli adalibweretsa alenje awiri a pamudzipo ataonerera kangaude akuluka ukonde wake kuthengo. Alenjewo adangoona n'kudziwa. Ine ndidaona sabata ziwiri.

Mkulu wa gulu la oluka, yemwe tonse tinkamuitana kuti Nana, adandikhazika pamakinawo. Mphindi zisanu zisanathe, tsemwe lidandigwira chala chachikulu chakuphazi, kabwato kaja kadauluka n'kukagwera m'beseni la mayi wogulitsa malalanje, ulusi utandizinga m'khosi ngati nkhuku yopita kwa apongozi. Nana sadaseke. Adangondimasula pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Kwaku, mwana wanga, ukuyesetsa." Aphunzitsi anga a masamu ankanenanso chimodzimodzi.

Ndidaganiza zobwezera mbali ya malonda. Ndidagula pepala lalikulu ku Kejetia, msika womwe munthu ukhoza kusoweramo mpaka akwanu kuika maliro, n'kukonza phunziro la "kupeza misika ya kunja". Oluka aja adakhala pansi mwaulemu. Ndili pa mfundo yachiwiri, foni ya mnyamata wina idalira. Adali kasitomala wa ku America wofuna nsalu zokoleka m'khosi za ophunzira omaliza maphunziro ku yunivesite. Adagwirizana mtengo, ndalama idalowa pafoni, mnyamatayo n'kunena, "Pepani bwana, pitirizani." Pambuyo pake ndiye adandikonzera WhatsApp yanga, yomwe idali itakana kutseguka chifikireni. Ndidamvanso kuti mu Disembala 2024 a UNESCO adaika kente pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, osadikira n'komwe kuti ine ndifike.

Komabe Nana adandipezera udindo. Ulusi wautali wa nsaluyo umatambasuka kutsogolo kwa woluka, ndipo kumapeto kwake amaumangirira ku kathabwa komwe asanjikapo mwala kuti uzikhala wokungika. Munthu akamaluka, mwalawo umakwawa kubwera kwa iye. Ukafika pafupi, pamafunika wina amasule ulusi n'kuukokeranso kutali. Ntchito imeneyi amaigwira ana akaweruka kusukulu. Pamene ana ali m'kalasi, ndinkaigwira ine. Ndipo ndinene mosadzitama, palibe mwala udandidandaula.

Nsalu iliyonse ya kente ili ndi dzina. Pali Sika Futuro, fumbi la golide. Pali Fathia Fata Nkrumah, yotamanda mkazi wa mtsogoleri wawo woyamba. Pali Adwinasa, kutanthauza kuti luso lonse lathera pamenepo, palibenso chowonjezera. Kamzere kamodzi komwe ndidamaliza ine m'miyezi itatu, kotakata uku, kopyapyala uko ngati njoka yomeza chule, anyamata adakatcha dzina lomwe womasulira adati ndi "luso lisanayambe".

Mu lipoti la kubungwe ndidalemba kuti ndakhala ndikukoka chitukuko tsiku ndi tsiku. Nalonso si bodza kwenikweni. Kamzere kaja ndidakapereka kwa mayi a kunyumba ngati mphatso ya kunja, ndipo panopa akumangira kukamwa kwa thumba la ufa. Akuti n'kolimba.

Amene muli ndi mwala wofunika kusuntha, musavutike ndi aganyu wamba. Ndipezeni, satifiketi ndili nayo.