Za Ndende ya Kampani Zili M'kamwam'kamwa ku Bloemfontein

Ku Bloemfontein, ukangotchula ndende ya Mangaung, ngakhale wometa tsitsi amayamba wazimitsa makina kuti naye aponyepo mawu. Ndendeyi, yomwe inatsegulidwa mu 2001, boma la South Africa linaipereka m'manja mwa makampani pa mgwirizano wa zaka 25, yoiyendetsa n'kukhala kampani ya G4S. Ndende ina yomwe boma linapereka kwa kampani ndi Kutama Sinthumule ya ku Makhado, ku Limpopo. Bungwe la apolisi ndi oyang'anira ndende la POPCRU lakhala likukana kuti kusunga akaidi kusanduke bizinesi.

Pokwerera minibasi, nkhani yokoma ndi ya Thabo Bester, yemwe anali mkaidi ku Mangaung. Mu Meyi 2022 kunamveka kuti wapsa ndi moto m'chitolokosi, koma atolankhani a GroundUp anaulula kuti mtembowo unali wa munthu wina. Mwiniwake anali atathawa, ndipo anamugwira mu Epulo 2023 ku Arusha, ku Tanzania. Madalaivala amaseka mpaka misozi akakumbuka za 2018, pamene mkuluyu, ali m'ndende momwemo, analankhula pa kanema kwa alendo apamwamba ku Sandton, iwo n'kumakhulupirira kuti ali ku New York. Akuti anthu ena amavutika ndi mayunitsi ali kunja, mnzawo akuyendetsa kampani ali mkati!

Amayi ogulitsa zipatso salola kuti kuseka kupitirire malire. Amakumbutsa kuti munthuyu anamangidwa chifukwa chopha ndi kugwiririra, ndiponso kuti mtembo uja unali mwana wa eni.

Madoda opuma pa ntchito amabwerera ku 2013. Chaka chimenecho oyang'anira akaidi ananyanyala ntchito, kampani n'kuchotsa oposa 300, ndipo zinthu zitasokonekera boma linalanda kaye ndendeyo. Kwa iwo masamu ake ndi apafupi: kampani imafuna phindu, ndipo phindu la m'ndende limachokera pochepetsa antchito ndi kufinya malipiro. Mlonda mmodzi akamatsekera chigulu cha akaidi, moyo wake uli pachiswe.

Anyamata ophunzira amatsutsa. Akuti ndende za boma n'zodzaza mopitirira muyezo, pamene ku Mangaung mgwirizano unaika malire olembedwa a chiwerengero cha akaidi. Amaonjezera kuti ena mwa omangidwa pa mlandu wothawitsa Bester anali antchito a pa ndendepo, choncho vuto ndi antchito, osati kampani. Apa mkangano umakolera, wina n'kuyankha kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira, choncho funsani amene anaimangirirayo.

Ine ndaima ndi madoda aja. Womanga munthu ndi boma, woweruza ndi khoti la boma, ndiye wosunga makiyi akhalenso boma lomwelo. Kukalakwika, mzika idziwe khomo loti igogode, nduna iyankhe pamaso pa aphungu popanda kuloza kampani. Ndende za boma zikadzaza, boma lizikonze, lilembe antchito okwanira, liwalipire bwino. Mfundo ya POPCRU ndi yomweyo, ndipo ikuyenera kumveka.