Kodi banjo ya chigubu inalakwanji?

Ndili ndi mafunso angapo, mafunso a munthu wamba wa kuno ku Kanjedza amene amangokonda nyimbo basi. Inu odziwa mundithandize.

Ku London kuli gulu la oyimba lotchedwa The Mozartists, lotsogozedwa ndi a Ian Page. Anthuwa atha zaka zambiri akuyimba ndi kujambula masewero a Wolfgang Amadeus Mozart, makamaka aja amene mkuluyu analemba adakali mwana. Masewero ake ndi a mtundu wa opera, momwe ochita sewero amayimba nkhani m'malo moilankhula, zoyimbira zikuwaperekeza. Mozart anabadwira ku Salzburg mu 1756 ndipo anamwalira ku Vienna mu 1791 ali ndi zaka 35 zokha. Dziko limamudziwa ndi ntchito za ukulu wake, monga Le nozze di Figaro ya mu 1786 ndi Don Giovanni ya mu 1787. Koma a Page ndi anzawo anabwerera m'mbuyo kukafukula Apollo et Hyacinthus, kasewero kachilatini kamene Mozart analemba mu 1767 ali ndi zaka 11, kuti ana asukulu achite pa yunivesite ya kwawo ku Salzburg. Anafukulanso Mitridate, imene inaonetsedwa koyamba ku Milan pa 26 December 1770 mwini wake ali ndi zaka 14. Mu 2015 anayamba ntchito yotsatira moyo wa Mozart chaka ndi chaka, kuyimba zimene ankalemba zaka 250 zapitazo, ndipo akuti aipitiriza mpaka 2041.

Funso langa loyamba ndi ili: chifukwa chiyani? Mango akupsa ali mbwee pansi, munthu n'kumakwera mumtengo kufuna aawisi? Ngati ntchito zokhwima za Mozart zilipo, ndipo aliyense amavomereza kuti ndizo zokoma koposa, akuvutikiranji ndi za ubwana wake?

Lachiwiri ndilo linandizunguza mutu kwambiri. Anthuwa sayimba ndi zoyimbira zamakono. Amafunafuna za m'nthawi ya Mozart yemweyo, kapena amapangitsa zatsopano motsanzira zakalezo. Vayolini wawo amamanga nsambo zopangidwa ndi matumbo a nkhosa, pamene anzawo a lero amamanga zachitsulo kapena za nayiloni. Nsambo za matumbo sizichedwa kumasuka kukatentha kapena kukachita chinyezi, moti woyimba amangokhalira kuchuna. Lipenga lawo lilibe mabatani. Mawu amawasintha ndi milomo ndi dzanja lolowetsa kukamwa kwa lipengalo. Chitoliro chawo n'chamtengo. Ngakhale kachunidwe amakatsitsako pang'ono: liwu limene oyimba a lero amaliika pa 440, iwo amaliika cha pa 430. Ndipo si dzulo anayamba. Nikolaus Harnoncourt anakhazikitsa gulu la Concentus Musicus ku Vienna mu 1953, Christopher Hogwood anayambitsa Academy of Ancient Music ku England mu 1973, onse pa cholinga chomwechi. Tsono anthu okhala ndi ndalama zogulira choyimbira chilichonse padziko lapansi, asankhiranji chovuta, chosalira mokweza, chosachedwa kusokonekera?

Nditamvetsera pa foni nyimbo imodzi yoyimbidwa m'njira ziwirizi, khutu langa lomweli, losaphunzira, linagwirapo kanthu. Ndi zoyimbira zakale mawu a munthu samira. Lipenga limamveka laukali pena, pena ngati latsamwa, ndipo zikuoneka kuti mnyamata uja Mozart ankadziwa pamene lidzatsamwe, n'kulemba nyimbo yake molingana ndi zimenezo. Ndiye kuti choyimbira sichingonyamula nyimbo ayi. Chinathandiza nawo kuipeka. Ndipo m'timasewero ta ubwana tija umamva munthu akuphunzira, akuyesa ichi, akubwereka icho kwa akuluakulu ake, asanakhale Mozart amene dziko likumudziwa.

Apa m'pamene mtima wanga unabwerera kwathu, ndi funso limene landisowetsa tulo. Kodi ife tilibe athu otere?

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana mumzinda wa Blantyre uno ndi anyamata akuyimba mumsewu. Anali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Donald anali kamnyamata kosakwana zaka 15, pafupifupi msinkhu womwe uja wa Mozart polemba Mitridate. Nyimbo za kwela anazitola ku Salisbury, kumene lero timati Harare, komwe banja lawo linakhalako. Zoyimbira zawo zinali gitala, chitoliro chachitsulo chotsika mtengo, chisekese, ndi besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Daniel ankachotsa nsambo imodzi pa gitala n'kumayimba ndi zisanu. Donald ankalowetsa chitoliro m'kamwa mopendeketsa, chakutsaya, kuti chitulutse mawu okhuthala amene sichikanatulutsa atachiimba mmene anachipangira eni ake. Kubik anawajambula, ndipo mu 1974 anatulutsa buku lonena za gululi. Daniel anatisiya mu 1987, Donald mu 2001.

Ndifunse tsono. Mwana wa ku Kanjedza, wa ku Zingwangwa kapena wa ku Chilomoni amene akuphunzira gitala lero, ndani angamuuze kuti pali kachunidwe ka nsambo zisanu, kamene kankamveka ku Chileka konkuno? Akafuna kuyimba nyimbo ya a Kachamba pa ukwati, amayamba wachotsa nsambo ija? Akapanda kuichotsa, chimene akuyimbacho ndi nyimbo yomwe ija kapena ndi m'bale wake chabe? Ku Chileka kuli anthu amene sanalole kuti zimenezi zife: a Moya Malamusi ndi anzawo anapitiriza gulu la kwela m'dzina la Donald Kachamba, n'kumayimba ndi zoyimbira za mtundu womwewo mpaka ku Ulaya. Ntchito yawo ndi yofanana ndendende ndi ya a Page ku London. Nanga n'chifukwa chiyani ambiri a ife, amene ku Chileka timafikako ndi minibasi tsiku lomwelo, sitinawamvepo akuyimba?

Taonaninso a Allan Namoko a ku Thyolo, bambo osaona aja, ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band. Banjo yawo ndi ng'oma zopanga okha ndizo zinkapereka kulira kuja kumene kumakugwira pamtima usanamve n'komwe mawu. Anamwalira mu 1995. Nyimbo zawo timaziyimbabe, inde, koma kawirikawiri pa kiyibodi, ng'oma zake zochokera mu kompyuta. Zimavinika, sindikana. Koma kulira kuja kuli kuti? Kodi sikunali mu banjo momwemo, mu nsambo zolira mokhadzula, mu chikopa chowambidwa ndi manja?

Pali china chimene ndinadabwa nacho koposa. Ndinkayesa kuti mawu onse a nyimbo za padziko ali pa kiyibodi, kuti ukangodziwa podina wapeza. Si choncho. Kiyibodi imagawa mawu m'masitepe 12 ofanana. Valimba ya ku Chigwa cha Shire, ya Asena ndi Amang'anja, amaichuna m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo ambiri mwa mawu akewo amagwera pakati pa mabatani a kiyibodi, pamene palibe podina. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno ndi galimoto yojambulira mawu mu 1950 ndi mu 1958, ankayeza kachunidwe ka zoyimbira zimene ankazipeza chifukwa ankadziwa kuti n'kosiyana ndi ka ku Ulaya. Ndiye mnyamata wa mu situdiyo akatenga nyimbo ya valimba kapena ya bangwe n'kuiika pa kiyibodi, amakakamizika kukankhira liwu lililonse ku batani loyandikana nalo. Iye amati waikonza. Kodi waikonza, kapena waipinda? Ndipo mwana wokula akumva yopindidwayo, tsiku lomwe adzamve valimba yeniyeni, sadzanena kuti agogowa sadziwa kuchuna?

Zimene Tracey anajambula, bangwe, kaligo, zeze, malimba, nyimbo za pamtondo, magitala a m'ma 1950, zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo kuyambira 1978 ili pa Rhodes University ku South Africa. Zina zinatuluka pa ma CD. Kuno kwathu, MBC pa Chichiri, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Kanjedza, ndiyo inali situdiyo ya oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo matepi ake akale akhala akusamutsidwira mu kompyuta mothandizidwa ndi anthu a ku Norway. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma kusunga mawu pa tepi ndi kumodzi, kukhala ndi manja odziwa kuwatulutsanso ndi kwina. Anzathu a ku London aja Mozart sanamumvepo, chifukwa m'nthawi yake kunalibe makina ojambulira. Ali ndi mapepala okha ndi zoyimbira zotsala, ndipo zina amachita kulingalira. Ife tili ndi mawu enieni a eni nyimbo, kupuma kwawo, kugunda kwa phazi lawo. Ena amene anayimba nawo adakali moyo. Ntchito imene kwa iwo ndi yovuta, kwa ife ndi yopepuka. Nanga tikudikira chiyani?

Ndikudziwa chimene ena anganene, ndipo ndachisinkhasinkha. Anganene kuti chigubu sichinali chisankho, unali umphawi. Mnyamata wa ku Ndirande ankadula chigubu cha mafuta, kusema mtengo, kumasula waya wa buleki ya njinga, chifukwa gitala ya m'sitolo sakanaikwanitsa. Mukanamupatsa kiyibodi akanailandira ndi manja awiri. Izi n'zoona, ndipo ngakhale Mozart ankakonda zatsopano: mu 1777 analembera bambo ake kalata yotamanda mapiyano atsopano a Johann Andreas Stein a ku Augsburg. A Kachamba nawo anatenga nyimbo za eni ake a kumwera n'kuzisintha kukhala zawo. Nyimbo imayenda, siikhala malo amodzi. Mu 2020 Patience Namadingo atakhala pansi ndi agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale m'kamvekedwe katsopano, nyimbo yawo ya Linny Hoo inafika kumayiko kumene dzina la Malawi sankalitchula n'komwe. Ndani angadandaule ndi zimenezo? Ine ndinasangalala, ndipo ndikusangalalabe.

Koma taonani. Ku Ulaya kuja zoyimbira zamakono sanazitaye. Mozart amamuyimba m'njira zonse ziwiri, wofuna iyi apita uku, wofuna iyo apita uko. Funso langa silakuti tiletse kiyibodi. Ndikungofunsa kuti bwanji ife tatsala ndi njira imodzi yokha? Ndipo ngakhale chigubu chinabwera ndi umphawi, kodi nzeru zimene munthu anaika pa chigubucho nazonso ndi umphawi? Amene anapeka nyimbo pa banjo ya nsambo za waya anaipeka momvera chimene wayayo amatha. Pamene waya amalira msanga n'kuzima, iye ankakhwatcha mofulumira kuti mawu asathe. Kakhwatchidwe kameneko ndiko kanabala kavinidwe kake. Mukachotsa waya mwachotsa chifukwa chimene nyimboyo imathamangira choncho.

Chondidabwitsa china n'chakuti akunja amazifuna zimenezi. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe, Yobu Maligwa ndi babatoni wake wopanga yekha, Yosefe Kalekeni ndi gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera apo azungulira Ulaya. Chimbale chawo cha Wasalala chinatulutsidwa ndi kampani ya ku Geneva mu 2019. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay naye dziko linamudziwa ndi babatoni. Anthu amalipira ndalama zambiri kuti akaone chikopa cha ng'ombe ndi waya mmodzi. Koma pa chinkhoswe cha kuno ku Kanjedza, ndani angayerekeze kuitana woyimba babatoni m'malo mwa DJ ndi masipika ake? Achibale sanganene kuti mwambo wachepa? Manyazi amenewa tinawatenga kuti?

Ndibwerere ku za ubwana zija, poti ndi pamene ndinayambira kudabwa. Oyimba athu akuluakulu timawadziwa ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene wailesi inazikonda. Koma aliyense wa iwo anali ndi nyimbo zoyamba, zimene anapeka asanatchuke, mwina akuweta mbuzi, mwina akuyimba pa msika wa Limbe anthu n'kumaponya makobidi m'mbale. Robert Fumulani asanakhale ndi gulu la Likhubula River, a Chalamanda asanadziwike dziko lonse, ankayimba chiyani, ndi choyimbira chotani? Wina anakhalapo nawo pansi akuluakulu otsalawa kuti ayimbe nyimbo zimenezo, pa choyimbira chonga chomwe anayambira, makina ojambulira ali pambali? Ngati a ku London aika zaka zoposa 25 pa ntchito yotsatira mapazi a munthu mmodzi, ife sitingapatule Loweruka limodzi?

Sizifuna ndalama zambiri. Foni zimene tili nazo m'matumbamu zimatha kujambula, osafunanso makina onga amene Tracey ankanyamula pa galimoto. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya pa Chichiri kuli malo pamene anthu angasonkhane. M'makwalala a Bangwe, Machinjiri ndi Ndirande muli madala amene manja awo akukumbukirabe kawambidwe ka chikopa ndi kamangidwe ka nsambo. Chosowa ndi munthu wopita kukagogoda.

Choncho inu a mabandi ndi a makwaya, inu aphunzitsi a Expressive Arts m'sukulu zathu, inu anyamata a m'masitudiyo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Sankhani nyimbo imodzi yakale, mufunefune mmene mwini wake anaijambulira, mupeze mkulu woti akupangireni choyimbira chake, muiphunzire mmene inalili musanaisinthe. Ndipo inu amene kwanu kuli agogo okhala ndi banjo kapena bangwe yopachikidwa kudenga, pitani mukawapemphe aitsitse adakali ndi mphamvu zoichuna.