Siteshoni ya Pakhonde

Kunja kuno kuli anthu amene amacheza pa wailesi popanda kugula mayunitsi. Amatenga laisensi ku MACRA, n'kupatsidwa dzina loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, basi n'kumalankhula ndi anzawo a ku Japan. Ati amapangana ola lokumana pamphepo: wina amaitana mayina, enawo n'kumavomera, aliyense kunena ngati akumva bwino. Msonkhano wonse n'kuthera pomwepo. Ndidati ntchito yokhala pansi chonchi ndi yanga.

Laisensi ndilibe, cholankhulira ndilibe. Ndili ndi kawailesi ka Nzeru kamene adasiya malemu bambo, ndi waya amene ndidakoka kuchoka pamtengo wa pichesi kukafika pansungwi. Masana shortwave imangoti zii, poti dzuwa likaswa mtengo mlengalenga mumameza mawu. Usiku ndiye mawu amanjanja kumwamba n'kudzagwera pa Kasina pano. Koma mu Okutobala muno, mphezi ikang'anima cha ku Mozambique uko, wailesi imangothetheka ngati chimanga pachiwaya. Channel Africa, yomwe inkatipatsa nkhani m'Chinyanja kuchokera ku Johannesburg, idachoka pa shortwave mu 2019. Ine ndimaisakabe, mwina idzasintha maganizo.

Amene apindula ndi waya wanga ndi ena. Kusanache apumbwa afika kale, aliyense pamalo pake. Njiwa ikaitana, inzake imavomera cha kudimba. Dzuwa likakwera nyenje zimatsegula pulogalamu yawo yopanda nyimbo yopumira, ndipo mabatire sizipempha. Pali gulo wina wa mutu wobiriwira amene amakwera pansungwi paja n'kumandigwedezera mutu. Pamudzi pano ndi yekhayo amene amavomereza zonena zanga.

Tsiku lina ndidapeza zitenje ndi masokosi zili lende pawaya.

"Mayi, imeneyotu ndi eriyo!"

"Pepani bambo, ndimayesa mwayamba kuganizira banja. Ndiye poti mumaswera pakhonde pomwepa, muziyang'anako anapiyewa."

Udindowo ndidaulandira ndi manja awiri. Chakumadzulo, khutu lili pawailesi, ndidamva kamawu kakutali ka Chipwitikizi, ndipo ndikuti ndikagwire bwino, nkhuku idakuwa. Kabawi adali atadutsa kale pansi pa waya, mwanapiye ali m'zikhadabo, ulendo wa ku Linthipe.

Mayi a kunyumba adawerenga otsalawo mokweza, kawiri konse. Mabatire anga tsopano ali mu tochi younikira kukhola, ndipo wogona pafupi ndi chitseko ndine.