Mimba ndi yanga, wamva ndi foni

Msuweni wanga wa ku Joni anabwera kudzaona makolo kuno ku Linga atamata kanthu koyera pamkono. Tili mkati mwa kondowole wa chambo, foni yake inalira. Anangoisuzumira n'kusamba m'manja. Ati shuga wakwera. Ndinamufunsa ngati akumva chizungulire kapena ludzu. Ati iye sakumva kalikonse, wamva ndi kanthuko ndipo kauza foni. Mtanda wake wotsala ndinamuthandiza ndine, poti chisuweni n'kuthandizana, koma ndikutafuna ndinayamba kudera nkhawa mwambi uja wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apatu mwini mimba ali phee, chitseko watsekula ndi wina.

Komatu kamsuweniko n'kachikale. Akatswiri anapita kale patsogolo. M'chaka cha 2011, John Rogers ndi anzake pa yunivesite ya Illinois ku America anaonetsa timakina topyapyala tomata pakhungu ngati pulasitala wa pabala. Nzeru yake yagona pa timawaya. Waya wowongoka ukaukoka umaduka, ndiye iwo amatiyala mokhotakhota mkati mwa labala wofewa kuti khungu likatamuka nato tizitamuka. Kachigamba kamodzi kamakhala pachifuwa kumvetsera kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi kutentha kwa thupi. Kena kamakhala kuphazi kapena kudzanja, kuwalitsa kanyali kofiira m'mnofu kuti kaone kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Tiwiri timeneti tikayerekeza nthawi imene mtima wagunda ndi nthawi imene kugundako kwafika kuphazi, timathanso kupenekera BP. Zonsezo n'kumatumiza ku foni popanda chingwe. Mu 2019 Rogers, ali ku Northwestern University, anatiyesa pa makanda obadwa masiku osakwana ku Chicago, ndipo pofika 2021 tinali titayesedwanso pa amayi oyembekezera ku Lusaka. Ku Lusaka n'pafupi, abale. Basi ya Chipata ikhoza kutibweretsera mawa lomwe.

Kunena zoona, ife a ku Nkhotakota zopimidwa uli kutali sitizidabwa, kungoti zinayambira kwa njovu. Pamene a African Parks anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete kubwera nazo m'nkhalango yathuyi mu 2016 ndi 2017, zina anaziveka makolala m'khosi kuti azidziwa komwe zili. Njovu ikapatuka kulowera kumunda wa chinangwa, kuofesi amadziwa. Mlamu wanga akapatuka pochokera kudoko, palibe adziwa. Kachigamba kaja kadzathetsa ufulu umenewu.

Tangoganizani. Mlamuyo ndi msodzi wa usipa. Mwezi uli kumdima, bwato lalowa m'nyanja, kachigamba kali pachifuwa, foni ili m'jumbo kuopa madzi, ndipo ikutumiza zonse kwa mlongo wanga kumtunda. Pakati pa usiku siginala wayatsa nyali, usipa wasonkhana, anthu akukoka chilimira. Mtima uli pa liwiro. Mlongo wanga akuyang'ana foni, akugwedeza mutu: bambo akugwira ntchito. M'mawa bwato lakocheza, ogula nsomba alimbirana, ndalama zalowa m'thumba. Mtima wakhazikika. Ndiyeno dzuwa lili paliwombo, munthu sakuyenda, sakunyamula kanthu, khungu lake likuonetsa kuti ali pamthunzi, koma mtima wayambanso kuthamanga.

"Abambo, munali kuti masana?"

"Ndimasoka ukonde."

"Ukonde wake uti wogunditsa mtima chonchi?"

Mwina anali pa bawo, nyumba yake ili pangozi. Mwina amamvera mpira pa wailesi, Bullets itatsala pang'ono kuchinyidwa. Kachigamba sikadziwa kusiyanitsa bawo ndi mayi wogula usipa wochokera ku Kasungu, kamangowerenga basi. Choopsa kwambiri ndi tsiku limene mlamu adzafike kunyumba nkhope ili yakugwa n'kunena kuti lero nyanja yakaniza, mwera unavuta, ndalama palibe. Mlongo wanga adzangotsekula foni. Munthu amene sanaphe kanthu sagona tulo tabwino chotere pansi pa mtengo wa mango kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko.

Nkhani idzafika kwa ankhoswe. Kale ankhoswe ankamva mbali ziwiri n'kugamula. Tsopano padzakhala mboni yachitatu yofunika kutchaja, ndipo mlandu uzidzaimitsidwa magetsi akazima. Anyamata ofunsira mbeta nawo zawo zada. Ukadzangoti "mtima wanga umagunda ndikakuona," namwali adzati bweretsa foni tione. Kutchalitchi abusa azidzadziwa kuti mkulu wa mpingo amene watseka maso pa benchi yakutsogolo sakupemphera. Pamaliro ndiye ndisanene, chifukwa pali azakhali ena odziwa kulira mokweza amene mtima wawo udzapezeke ukugunda mwaulemu, osatekeseka, maso ali kumphika wa nyama. Ngakhale oyendetsa kabaza sadzathanso kukweza mtengo ponena kuti chitunda chawatopetsa.

Koma ndikaleka kuseka, ndimaona kuti mwambiwu unali ndi chibowo kuyambira kale. Umaganiza kuti aliyense womva kupweteka amadzuka. Amuna a m'mphepete mwa nyanja ife timamva m'mimba n'kuwonjezera mpiringidzo pachitseko. Munthu akukodza magazi chifukwa cha likodzo, ati n'zachizolowezi kwa wokulira m'madzi. Mutu ukuwawa sabata yonse, ati n'kamalungo chabe, agula panado pa okala. BP ndiye siimveka n'komwe, imangobwera tsiku limodzi n'kuumitsa mbali imodzi ya thupi. Pofika ku St Anne's kapena kuchipatala cha boma, wamunyamula ndi anthu ena, ndipo achipatala akufunsa funso lomwe lija: munali kuti masiku onsewa? Munthu wotere kachigamba kokamba miseche kangamupulumutse.

Ndipo alipo ena amene sangatsekule chitseko ngakhale atafuna. Khanda lobadwa miyezi isanakwane limatha kusiya kupuma osalira n'komwe. Limazizidwa mwakachetechete. Usiku namwino amakhala mmodzi, makanda ali mbwee, maso ake ndi awiri okha. Makina akale opimira amafuna zingwe zambirimbiri, zomatira zake zimasupula khungu lanthete, ndipo mayi amavutika kuika mwana pachifuwa mwa njira ya kangaroo imene imamufunditsa. Kachigamba kopanda zingwe kamalola mwana kukhala pakhungu la mayi ake uku kakumulondera. Pamenepa nthabwala ndilibe.

Chokhacho n'chakuti kachigamba kalibe manja. Kamangolira. Kakalira pafunika namwino woti athamange, okosijeni woti apereke, ambulansi yokhala ndi mafuta yoti itenge msewu wa M5, ndi magetsi oti katchajidwenso. Aliyense amene anazungulirako kuseri kwa zipatala zathu anaona makina amphatso ochokera kunja atangounjikidwa, ena atafa chifukwa cha fumbi, ena chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi kogulidwa ku Ulaya. Apa ndi pomwe makolo akubwezera chigoli. Amene akumva m'mimba pa nkhani ya makina osagwirizana ndi dziko lathu ndife, osati a ku Chicago.

Chitsanzo tili nacho. Makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ndi madokotala a ku Queens ku Blantyre, ndipo oyambirira ake ankagwiritsa ntchito mapampu opopera mpweya nsomba zoweta m'magalasi. Nsomba, abale, ntchito yathu yomwe ino! Kafukufuku wa Dr Kondwani Kawaza ndi anzake, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti mwa makanda ovutika kupuma amene anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Lero ku MUBAS ndi ku MUST kuli achinyamata ophunzira kupanga ndi kukonza zida za m'chipatala. Ndiwo oyenera kufunsa mafunso athu: kachigambaka kangatsukidwe n'kumatidwa pa mwana wina? Kangatchajidwe ndi sola? Kakafa, akonza ndani?

Ndiye pempho langa kwa ofufuza, akuno ndi akunja, n'lakuti adzakayese kuno mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kakakhala sabata pachifuwa cha mlamu wanga, pakati pa thukuta, mchenga, mamba a nsomba ndi madzi a m'nyanja, n'kumagwirabe ntchito, ndiye kuti kakhoza kugwira paliponse. Mlamuyo ndakamba naye ndipo wavomera, koma pa mfundo imodzi: zotsatira zizipita kwa adokotala okha. Mlongo wanga wakana mfundoyo. Ankhoswe akumana Loweruka.