Fodya wa pachala ndi makina a pakauntala

Makolo athu sankakhulupirira ulendo, ngakhale waufupi chotani. Kuchokera pachala kufika pamphuno si mtunda wofuna kamba, komabe iwo anaona kuti pakati pamenepo pakhoza kugwa ngozi, n'chifukwa chake anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anaimapo pa Dzoole mu Julaye, mphepo ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ikukuntha malata, amadziwa kuti akuluakuluwo sankachita nthabwala.

Mwambiwu ndi umene mayi aliyense wa lesitilanti ayenera kumanga pansonga ya chitenje masiku ano, chifukwa anyamata a mataye ayamba kudutsa Mponela n'kulowa kumidzi ndi tabuleti m'chikwama. Akugulitsa pulogalamu yapakauntala. Kasitomala akaitanitsa chakudya, mtsikana wapakauntala adina, oda ifika kukhitchini, lisiti lituluka, madzulo makina akuuzani kuti mwagulitsa mbale zingati. Tisawanyoze. Aliyense amene anaphikapo zogulitsa amadziwa kuti nkhuku imalowa mumphika ndi ntchafu ziwiri koma m'kope mumalembedwa imodzi, ndipo pofunsa aliyense amayang'ana kudenga. Makina owerenga nthuli ali ndi ntchito. Nkhani ili pa kusankha, ndipo funso loti mum'funse mnyamatayo ndi la agogo lomwe lija: fodyayu ali pati?

Yambani ndi mawu amene alanda malo a "zikomo" m'malo odyera: "ndatumiza". Bambo wadya nsima ya nkhuku ya lokolo, wasamba m'manja, wapukutira pathalauza, kenako akuonetsani foni yake. "Onani amayi, yapita." Inu muyang'ana yanu, ili zii. Wakabaza akuliza belu panja, bambo uja phazi limodzi lili kale pakhomo, ndipo mtsikana wapakauntala, poopa kuoneka wamwano kwa munthu wamkulu, adina kuti zalipidwa. Madzulo pulogalamu ikukuyamikirani kuti mwapanga ndalama, pamene ndalamayo palibe anaiona. Mwina idzafika, mwina inapita ku nambala yolakwika, mwinanso uthengawo unali wochita kulemba, poti akamberembere a mauthenga abodza sanayambe dzulo. Ndiye funsani: makinawa amati "zalipidwa" ndalama ikalowadi mu Airtel Money kapena Mpamba wanu, kapena chala cha mtsikana chikangokhudza galasi? Ngati yankho likuyamba ndi "kwenikweni amayi", dziwani kuti mphepo yayamba kuomba.

Chachiwiri ndi kope la ngongole, lija lakuda ndi mafuta limakhala pansi pa kauntala. Agogo akanati ngongole yonse ndi fodya wapachala, ndipo sakananama. Koma lesitilanti yokana ngongole pa Dzoole mu Febuluwale imaphikira ntchentche. Aphunzitsi amadya kuyambira pakati pa mwezi pa dzina la malipiro amene sanabwere. Azaumoyo chimodzimodzi. Mlimi amene mabelo ake ali pamzere ku Kanengo amadya molimba mtima kuposa onse, amaitanitsanso Fanta, chifukwa m'mutu mwake ndi mpondamatiki kale. Pulogalamu zambiri zinalembedwa kumaiko kumene munthu amalipira asanatafune, choncho zimadziwa makasitomala amitundu iwiri basi, wolipira ndi wakuba. Za munthu wolemekezeka amene adzalipira pa 27, kapena pa 3 zikavuta, sizinamvepo. Ngati makina sangalembe dzina, mbale ndi tsiku, n'kuchotsa ngongoleyo pa ndalama za lero, mudzasungabe kope, ndiye kuti mwagula ntchito yachiwiri ndi ndalama zanu.

Palinso kaitanitsidwe. Pa tabuleti pali mabatani aukhondo: nsima ya nyemba, nsima ya nyama, mpunga wa mazira. Koma m'kamwa mwa munthu wa pa Dzoole mumatuluka zina. "Nsima ya nyemba, koma muthirepo kamsuzi ka nyama." "Mitanda itatu, ndiwo za hafu." "Mwanayu adya ndi ine, mungoonjezera mpiru." Kamsuzi kameneko kalibe mtengo, kalibe batani, koma ndi kamene kamabweza makasitomala chaka ndi chaka. Mnyamata wa taye adzakuuzani kuti kasitomala akhoza kujambula kachizindikiro patebulo n'kuitanitsa yekha pafoni. Ayesere kaye gogo amene wabwera kudzagulitsa mtedza, amene foni yake ndi ya mabatani yomangidwa ndi mphira.

Za magetsi ndi netiweki sizifuna kutalikitsa. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, dziko lonse n'kuphunzira kudya mumdima. Kafoni ka mabatani kamatha masiku osatchaja, ndipo *211# kapena *444# safuna bandulo. Pulogalamu imene imakomoka intaneti ikachoka, anthu ali pamzere ndi mbale m'manja, isiyeni ibwerere ku Lilongwe. Yabwino imalemba yokha mkati mwake, n'kudzatumiza netiweki ikabwerako kumene inapita.

Pamene ine ndimachita mantha kwambiri ndi pa malipiro apamwezi. Makina ambiriwa simugula, mumachita lendi, ndipo ena mtengo wake amauwerengera m'madola ngakhale akutchulirani m'makwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti. Amene anagona ndi lendi ya madola usiku umenewo anadzuka ndi ngongole yonenepa, pamene mbale ya nsima sungaikweze usiku umodzi popanda makasitomala kusamukira kwa mayi wa tsidya lija. Ndiye funsaninso: mwezi umene ndalephera kulipira, mawerengero anga a chaka chonse ndidzawaonabe? Maina a ondikongola adzatsala ndi ine, kapena adzatsekeredwa pa kompyuta ya kampani kutali, pamene aphunzitsi akundipatsa moni mwansangala podziwa kuti umboni watha?

Koma nawo agogo tisawasiye osawafunsa. Iwo ankayesa kuti ndalama ya m'manja ndiye yafika pamphuno. Anthu a lero tikudziwa bwino. K5,000 inatuluka mu 2022 ikuopedwa, lero imalowa m'golosale n'kutuluka yokha popanda chenje choiperekeza. Ndalama yomanga pachitenje imamva msanga uthenga wa maliro, imamva kuti mlamu wadwala, imamva kuti mphwanu akufuna ya thiransipoti. Ya m'foni imatha kubisala, mukhoza kunena kuti ejenti alibe fuloti, nkhani n'kuthera pomwepo. Apa makina akuwaposa akuluakulu, tivomereze.

Mphuno imodzi yokha m'dziko muno ndi imene mphepo siiphonyetsa fodya, ya bungwe lotolera misonkho la MRA. Mu 2014 amalonda olembetsa msonkho wa VAT anayamba kutulutsa malisiti pa makina a EFD, ndipo kenako bungweli linalengeza njira ina yapaintaneti, ya EIS, yolowa m'malo mwake. Kalesitilanti ka mabenchi atatu mwina sikanafike pamenepo, koma amene akulota zotsegula ina pa Mponela kapena pa Madisi afunsiretu ngati pulogalamu yakeyo imamvana ndi ya amisonkho, asadzagule kawiri.

Mayeso enieni sachitikira pa tabuleti ya mnyamatayo, pamene zonse zimayenda myaa. Muitaneni tsiku lamsika, dzuwa lili paliwombo, mavenda a soya atadzaza mabenchi. Avule taye, azimitse data, aime pakauntala. Alandire oda ya kamsuzi, adikire "ndatumiza" mmodzi, alembe aphunzitsi awiri. Akafika 2 koloko makina ali moyo, iyenso ali moyo, mpatseni nsima adye. Ndipo akatulutsa pepala kuti musaine, muuzeni mwaulemu: "Achimwene, asiyeni makinawo tiwaone mwezi uno. Ndalama yanu ndailemba m'kope, mudzatenge aphunzitsi akalandira."