Fodya wa Pachala pa Jenda

Makolo omwe ankanunkhiza fodya adatisiyira mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ankanena zimene adaziona ndi maso: nkhalamba yatsina fodya wake bwinobwino, chala chili pa ulendo wopita kumphuno, kamphepo nkungodutsa, basi zathera pomwepo. Mwambiwu umagwira ntchito chaka chonse, koma pa Jenda umapita kutchuthi mwezi wa Malichi, ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ikatsala pang'ono kuyamba. Mwezi umenewu aliyense amayetsemula fodya amene sanafike nkomwe pamphuno.

Jenda ndi malo oyenera matendawa. Ali pa msewu wa M1, pafupi ndi malire a Zambia, ndipo basi iliyonse yochokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu imaima pa rodibuloko. Amayi akamakweza mabeseni a tomato ndi anyezi m'mawindo, nkhani za mpira zimatsikira pakhomo. Kondakitala wamva kuti timu yakuti yagula wogoletsa wa ku West Africa. Wakabaza wamva kuti wogoletsayo ndi wamtali ngati chitseko. Nkhaniyo ikamafika pa bawo madzulo, mnyamatayo wagoletsa kale zigoli 20, chonsecho chiphaso chake chosewerera sichinatuluke.

Chokoma cha Malichi nchakuti matimu onse 16 amakhala ndi mapointi ofanana, ziro. Palibe wagonja, palibe mphunzitsi wachotsedwa ntchito, ndipo oyimbira onse akadali anthu abwino. Masewero 30 ali patsogolo, matimu atatu adzatuluka mu ligi pakutha pa nyengo, koma mutazungulira msika wonse simungapeze sapota wovomera kuti chikwanjecho chikunoledwera timu yake.

A Maule ndiwo amayankhula mokweza, ndipo pena nkuwamvetsa. Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023, pansi pa mphunzitsi wa ku Zimbabwe Kalisto Pasuwa, idasesa zonse: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Munthu wozolowera chonchi amaiwala kuti pakati pa chala ndi mphuno pali mtunda. Mu 2024 mphepo idaomba kuchokera ku Area 47. Silver Strikers, yomwe idali isanalaweko ligi chitengereni mu 2013, idalanda ufumuwo, ndipo amene adaitsogolera ndi Peter Mponda, mwana wa m'nyumba ya Bullets momwemo, yemwe adali wothandizira Pasuwa. Masapota a Silver asanamalize kuvina, Mponda adanyamula chikwama kubwerera ku Bullets. Apa ngakhale makolo aja akadakanda mutu, chifukwa fodyayu adachita kutuluka m'mphuno.

A Manoma nawo ali ndi luso lawolawo. Atatenga ligi mu 2017 adakhala zaka zingapo akulengeza Malichi aliyense kuti chaka chino ndi cha Nyerere, mawu osasintha, nkhope yosachita manyazi. Kulimba mtima kotere nkofunika kukulemekeza.

Koma chodabwitsa pa Jenda nchakuti mkangano wonsewu ndi wa matimu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Bambo woyankhula Chitumbuka, wobadwira ku Embangweni, yemwe ku Kamuzu Stadium sanapondeko, amatha kukana nsima chifukwa Bullets yagonja. Mukamufunsa za Moyale Barracks, Karonga United kapena Chitipa United amayankha mwaulemu kuti, "Amenewo ndi ana athu, adada, tikuwafunira zabwino," monga momwe munthu amanenera za m'bale amene sangamubwereke ndalama. Chifukwa chake chilipo. Chiyambireni ligiyi mu 1986, palibe timu ya kumpoto idaitengapo. Zikho zina zafikako pafupi: Hammers, ikadali ya ku Ekwendeni, idafika mu fainolo ya FDH Bank Cup mu 2021 nkugonja kwa Silver. Timu ya kuno ikatulutsa mnyamata wothamanga, akuluakulu a m'tauni amabwera ndi cheke nyengo isanayambe. Ena mwa anyamata otsalawo amakwera basi ya ku Joni, monga achitira amuna ambiri a ku Mzimba kuyambira kalekale, ndipo timu ya m'mudzi imayamba ligi ikusaka goloboyi.

Nyengoyi imakumananso ndi kutsegulidwa kwa misika ya fodya weniweni, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Mlimi yemwe mabelo ake akadali m'shedi amakhala atagula kale malata ndi njinga yamoto m'mutu mwake. Ndiye akakhala pa vidiyo sho ndi kapepala kobetcha m'thumba, munthu mmodzi amakhala ndi fodya wa pachala m'manja onse awiri.

Asaganize wina kuti matendawa ndi a Amalawi okha. Ku America kuli masewero a baseball, omenya kampira ndi chibonga nkuthamanga kuzungulira bwalo. Matimu 30 amakakonzekera ku Florida ndi ku Arizona mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi yomweyo imene a pa Jenda akugawana zikho pakamwa, ndipo nyuzipepala zakumeneko zimadzaza ndi nkhani za wosewera amene wachepetsa thupi ndi wina amene mkono wake wachira. Timu iliyonse imasewera masewero 162, choncho mphepo imakhala ndi mpata wokwanira. Akujoni angakonde kumva kuti Gift Ngoepe wa ku South Africa ndiye adakhala woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikulu yakumeneko, mu 2017, ku Pittsburgh Pirates.

Chimene chimawononga mwambi wa makolowu ndi chaka cha 2016, pomwe mphepo idasokonezeka nkuyamba kuthira fodya m'mphuno za amphawi. Ku England, Leicester City idatenga ligi anthu akuyesa nthabwala. Kuno kwathu asilikali a Kamuzu Barracks adachita chimodzimodzi, Maule ndi Manoma akuyang'ana. Ku America, Chicago Cubs idapambana World Series koyamba chitengereni mu 1908. Sapota aliyense wa timu yovutika amasunga chaka chimenechi ngati chiphaso, ndipo mukamuuza za chala ndi mphuno amakufunsani ngati mudamvapo za Leicester.

Masapota a Cubs adadikira zaka 108. Kumpoto kukati kudikire chimodzimodzi kuwerengera 1986, chikho cha ligi chidzadutsa pa rodibuloko ya pa Jenda mu 2094, ndipo apolisi adzafuna kuona kaye mapepala ake.