Kodi bwalo losesa linalakwa chiyani?

Mphepo ya Ogasiti ikayamba mu Lusaka, utsi susowa. Ukadutsa mu Great East Road cha ku Chelstone, kapena kulowera ku Leopards Hill Road, upeza udzu wa m'mbali mwa msewu ukuthetheka, mapuloti osamangidwa atada bii. Ena akusaka mbewa, ena akuti akupirikitsa njoka, ena amangotentha zinyalala moto n'kuwapulumuka. Mvula inaleka mu Epulo ndipo sibwera msanga Novembala asanafike. Funso langa ndi laling'ono. Ngati tonse tikudziwa kuti moto umabwera chaka ndi chaka pa nyengo yomweyi, bwanji timakonza mabwalo a nyumba zathu ngati sudzafika?

Kumudzi, kaya ku Katete kaya ku Chadiza, amayi amalawirira kusesa bwalo mpaka dothi kuyera mbee. Udzu sufika pakhonde. Nkhokwe imalambulidwa kuzungulira, tsekera amamwetedwa lupsa lisanayambe. Moto wa kutchire ukafika m'malire a bwalo umasowa chodya, n'kuzima wokha. Kodi imeneyi si nzeru? Nanga bwanji tikalowa m'tauni, bwalo loyera timayamba kuliona ngati chizindikiro cha umphawi?

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands kapinga amafika mpaka pakhoma la nyumba. Pansi pa zenera pali mitengo ya mkungudza yodulidwa bwino, kunja yobiriwira, koma mukapisa dzanja mkati mumatulutsa timasamba touma gwaa todzaza chikhatho. Maluwa a bougainvillea akwera mpanda, ndipo kuseri kwake kwaunjikana zouma za zaka zambiri. Pambali pali kachisakasa ka udzu kochezeramo, pomwe amawotcherapo nyama. Matumba a makala, silinda ya gasi ndi chigubu cha mafuta a jenereta zatsamira khoma la khitchini. N'zokongola ndithu, ndipo sindinyoza thukuta la amene amazisamalira. Koma mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko, madzi anachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambirimbiri, mapampu a zitsime zambiri anakhala chete. Kapinga wosathiriridwa anafiira. Kodi kapinga wouma amasiyana pati ndi udzu wa kutchire?

Wina andiuza kuti mpanda wa mabuloko ulipo, moto sungadumphe. Komatu chimene chimayatsa nyumba nthawi zambiri si lawi lalikulu, ndi mbaliwali zouluka ndi mphepo. Mu Januwale 2025 ku Los Angeles moto unapsereza nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 16,000, ndipo zambiri zinayakira pa mbaliwali zogwera pa zouma za pakhomo. Akatswiri a kumeneko amalangiza kuti mita imodzi ndi theka kuzungulira nyumba pasakhale chilichonse choyaka: pakhale miyala, simenti kapena dothi chabe. Ndikamva zimenezi ndimadabwa. Si bwalo la agogo lomwe lija limeneli? Ndipo mbaliwali ikadumpha mpanda n'kutera m'ngalande ya m'mphepete mwa denga, mmene mwadzaza masamba a jakaranda ndi a mango, mpandawo uthandiza chiyani? Ndani amakwera pamwamba kukawachotsa mu Julaye?

China chimene chimandizunguza ndi nthawi yotenthera. Kuyesa komwe kunayamba ku Ndola m'zaka za m'ma 1930, komwe Colin Trapnell analemba zotsatira zake mu 1959, kunaonetsa kuti moto woyatsidwa msanga, udzu ukadali ndi chinyezi, umasiya mitengo ya miombo ili moyo, pomwe moto wa m'chilimwe umaipha. Tadziwa zimenezi kalekale. Nanga bwanji puloti yosamangidwa timaidikira mpaka Seputembala kapena Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'malo moimweta mu Meyi?

Ku Kabwata mabwalo ndi ang'onoang'ono, nyumba n'zoyandikana. Dzala la mnansi likamafuka, zovala za pachingwe chako zimanunkha utsi. Pa Kabwata Cultural Village pali nyumba zozungulira zofolera udzu, pakati pa mzinda penipeni. Moto wa ku City Market mu Julaye 2017 unationetsa momwe malo othinana amapsera msanga. Ozimitsa moto a khonsolo timawaimbira pa 993, koma kodi galimoto yawo ingalowe pageti lathu? Nthambi zimene zagwera pamsewu wolowera kunyumba zingailole kudutsa? Madzi ake akatha, ikatunga kuti pafupi?

Ndikufunsanso za chobzala. Nthochi ndi mapapaya zimasunga madzi m'thunthu, khonje ndi nkhadze sizigwira moto msanga, ngakhale utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Bulugamu, paini ndi mkungudza zili ndi mafuta ndi utomoni woyaka. Kodi ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya ku Woodlands angamatiuze zimenezi tikamagula? Ndipo puloti ya udzu wofika m'khosi imene ili kuseri kwa mpanda wathu, mwini wake ali kunja kwa dziko, aimwete ndani: ife anansi, khonsolo, kapena tidikire mnyamata wa mbewa ndi machesi ake?